Mayina Makumi Awiri a Bambo Alufandika

Lolemba, 3 Novembala

Kutentha kwa lero n'kwa dala. Fani ya ku ofesi yasankha lero lomweli kufa.

A Bilal anandiimbira m'mawa kuti ndikawapeze kuyadi kwawo nthawi ya lanchi. Mwini timu akaitana, sunena zoti kunja kuli dzuwa. Ndawapeza ataima pakati pa malole awo, nkhope ngati munthu woti wangomeza mankhwala a malungo. Nkhani ndi ya Loweruka lapitali: Akabawi athu 54, Mphezi ya ku Ndirande 89, pabwalo lathu lomwe la basiketibolo pa Chileka pano, anthu akuona. Pa 89 amenewo, 38 anagoletsa mnyamata mmodzi, Chilungamo. Ndinalemba ndekha pa tebulo, mpaka dzanja linayamba kulemba nambala yake osandifunsa.

Akuti, "Mayi Maluwa, mlembi wa timu ndinu, mapepala a zigoli onse ali kwanu. Ndikufuna mayina a osewera onse amene a Alufandika asankha pa zaka teni zimenezi. Pambali pa dzina lililonse mulembe, anathandiza kapena sanathandize. Mizere iwiri basi. Osathandiza akachuluka, madala aja akapume."

Komiti ikumana Loweruka pa 15.

Ndinafunsa kuti bwanji ine. Akuti poti ndine wa Mvano, sindinganame. Ndavomera, chifukwa kukana kukanaoneka ngati ndikutsutsa mfundoyo.

Za Chilungamo sanapitirize, ndipo ndawathokoza chamumtima. Chileka yense akudziwa kuti mu Januwale 2022 Akabawi ndi amene anali oyamba kusankha. Chilungamo anali atakhala kutsogolo pomwepo ndi miyendo yake yosowa poyiika ija, a Frazer Alufandika, manijala wathu, n'kuimirira, n'kutchula dzina la mwana wanga Mark.

Lachiwiri, 4 Novembala

Ndatsitsa makatoni pamwamba pa wadirobu. Theka la mapepala a 2017 anadya makoswe. Sanalakwe kwenikweni, chaka chimenecho panalibe choti munthu n'kusunga.

Amuna anga a Aubrey afunsanso kuti kusankhako kumayenda bwanji. Chaka chakhumi chino akufunsa. Ndawauza pang'onopang'ono. Januwale aliyense matimu a mu ligi yathu amakumana mu holo ku Blantyre. Anyamata amene amaliza Fomu 4 ndipo akufuna kusewera amakhala kutsogolo, mamanijala n'kumatchula mayina mosinthana. Timu imene inathera pansi ndiyo imayamba. Timu iliyonse awiri. Ukatchula watchula, mwana ndi wako. Iwo akuti, "Ndiye kuluza n'kwabwino?" Ndawasiya ndi wailesi yawo.

Zaka khumi, awiri pachaka, mayina 20. Ndajambula mizere ndi rula yakale ya Mark. Kumanzere A (anathandiza), kumanja S (sanathandize). Sindikondera munthu.

A Frazer (muno ndizingolemba a F.) sindidana nawo. Bambo wa zaka 58 amene amakwera minibasi ya ku Lirangwe kanayi pa sabata, thumba la mipira lili pamiyendo, kondakitala akumunyogodola njira yonse. Ntchito ina alibe. Akamuchotsa abwerera ku kamunda ka nandolo kuseri kwa nyumba. Izi sizikukhudzana ndi mizere yanga, ndangolemba.

Lachitatu, 5 Novembala

Ndayamba kugawa.

Pempho, 2016. A wosafunsa. Kaputeni zaka zisanu ndi chimodzi, linamuchotsa ndi bondo basi.

Walter, 2018. S. Mamita awiri ndi kena pamwamba. Mpira ukamabwera ankatseka maso. Tinamusunga zaka ziwiri chifukwa ankamangirira neti popanda makwerero.

Uja wa ku Lunzu wa 2019. Magemu awiri, kenako anapeza ntchito yoitanira minibasi. Mawu anali nawo ndithu. S.

Wa 2023, uja wa mahedifoni. Anafika ndi nsapato zatsopano, chikwama chatsopano, n'kufunsa kochi ngati kuthamanga n'kokakamiza. S.

Ndikamawerenga mapepalawa ndimamva fungo la magemuwo. Fumbi, malalanje odula pakati, liniment ya a F. imene amapaka aliyense posaona kuti chikupweteka n'chiyani. Ena mwa anyamatawa ndinawaiwala nkhope, koma nambala zawo ndikuzikumbukira.

Ndaona chinthu chimodzi. Dzina loyamba la chaka nthawi zambiri limakhala lanzeru. Lachiwiri ndi limene limakhala ngati analitola pa depoti. Munthu mmodzi yemweyo, holo yomweyo, pangodutsa mphindi makumi awiri, maso n'kuchita khungu? Kaya.

Pofika madzulo: A 8, S 11. Latsala dzina limodzi, ndilichita mawa.

Lachinayi, 6 Novembala

Ku Mvano masana. Pobwera ndawerenga mapepala a Mark, zaka zinayi zonse. Mapointi 31. Ndawerenganso kuyambira kumapeto, 31 yemweyo. Mafaulo 74. Chilungamo 38 masana amodzi, atavulala chala.

Koma pali zinthu zimene pepala silionetsa. Mark sajomba ku pulakatisi. Amafika woyamba, amasesa bwalo, amapopa mipira. Anzake akagoletsa amaimirira pabenchi n'kuwomba m'manja ndi mtima wonse. Sanatukwanepo refu. Mwana wolongosoka.

Ndajambula mzere wachitatu pakati, T (tikuonabe). Muli dzina limodzi ndipo likukwanamo bwino.

Lachisanu, 7 Novembala

A 8, S 11, T 1. Ngakhale ndi mzere wanga wachitatuwo a F. akugwabe. Mawa ndipita ku Lirangwe akadziyankhire okha.

Loweruka, 8 Novembala

Minibasi ziwiri, kusinthira pa Kameza. Yachiwiriyo inaima pa Lunzu mpaka ndinadziwana ndi mayi wogulitsa mango.

Nyumba ya a F. ili kuseri kwa msika. Pabwalo pali mtengo wa bulugama wozika pansi, pamwamba pake anakhomapo limu ya njinga yochotsa masipoko. Ndinafunsa kuti n'chiyani, ngati sindikuona. Akuti pamenepo ndi pamene Chilungamo anaphunzirira kuponya, ali Sitandade 5. Kwawo ndi nyumba yachitatu kuchokera apo. Zoti ndi wa ku Lirangwe ndinkadziwa. Zoti anamuphunzitsa ndi a F., pakhomo pawo, zaka zisanu ndi ziwiri, palibe anandiuzapo.

Ndinawapatsa pepala. Anavala magalasi, n'kutsika ndi chala dzina ndi dzina mpaka pansi.

"Mwalemba bwino, mayi. Pepala laukhondo."

"Ndiye mukuti bwanji, bambo Alufandika? Ntchito yanutu ili pamenepa."

"Walter ndinalakwitsa. Kutalika kunandipusitsa."

"Nanga enawa?"

"Siginecha ndi yanga pa onse."

Basi. Anavala chipewa, akuti akukagula Fanta kumsika, mlendo sangakhale kukhosi kouma.

Akazi awo, a Agnes, anali pamkeka akusola nandolo. Basiketibolo sanaonerepo ngakhale kamodzi, amati phokoso la nsapato limawapweteka mano. A F. atangokhota, anapukuta manja pachitenje.

"Amenewo sangakuuzeni kanthu, amake Mark. Bweretsani kuno pepalalo."

Anayamba kuloza, osati mizere yanga, koma mayina.

"Uyu wa 2017 anabwera amalume ake ndi tambala wofiira. Anakhala pakhonde pano kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, nkhani ya mwanayo anainena potsanzika. Uyu, akulu ampingo awiri, ovala masuti, anayamba ndi pemphero. Uyu amake anangolira. Awa asanuwa ndi a bwana Bilal. Atatu ana a achemwali awo, mmodzi mwana wa dalaivala wawo, winayu kaya ndi chani wawo. A Bilal sabweretsa kanthu, salowanso m'nyumba. Amaima pamsewupo osazimitsa injini, amuna angawa n'kuthamangira pawindo."

Ndinafunsa kuti sakana bwanji.

"Munthu wabwera pakhomo pako, wakhala pampando pako, wamwa madzi ako. Umuuza kuti mwana wake satha? Ndiye anapeza njira yawo. Ku holo kuja dzina loyamba limakhala lawo, lachiwiri la alendo. Zaka ziwiri zokha kunalibe mlendo, anasankha onse awiri okha, anabwera akuimba."

Apo ndinamvetsa za khungu lija. Ndinayamba kulemba mofulumira kuseri kwa pepala, mtima ukusangalala kuti ndapeza chopulumutsira munthu.

Chala chawo chitafika pa dzina loyamba la 2022 chinalumpha. Ndinaona. Ndinati mwadumpha limodzi.

"Chaka chimenecho sikunabwere nkhuku," anatero, n'kubwerera ku nandolo.

Ndinaseka. Ndinati eya, Mark palibe anamupemphera malo, a F. anaona okha kena kake mwa mwanayo. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu.

"Amake Mark, maliro a apongozi anga aja, Disembala 2021. Munachoka ku Chileka inu, munaphika masiku atatu, munagona pansi m'nyumba muno ngati wachibale. Tsiku lomaliza tikutsuka mbale kuseriku munati, Mark wanga wamaliza Fomu 4, watalika, akungokhala pakhomo. Ine uthengawo ndinaupereka."

"Sunali uthenga, mayi. Ndimangocheza."

"Mawu onena pamaliro, kwa mkazi wa munthu, mutamuphikira masiku atatu? Dzina lachiwiri anali atalilonjeza kale kwa a Bilal. Linatsala loyamba. Masiku awiri sanadye bwinobwino. Tsiku lopita ku holo anayamba adzera kwa amake Chilungamo kukapepesa."

A F. anabwera ndi Fanta zitatu zotentha. Tinamwa. Tinakamba za mvula, kuti ichedwa kapena ayi. Anandiperekeza mpaka pamsewu, n'kuimitsa minibasi, n'kuuza kondakitala kuti andipatse mpando wakutsogolo.

Lamulungu, 9 Novembala

Sindinapemphe. Ndakhala ndikudziuza zimenezi ulaliki wonse, sindikudziwa kuti abusa analalikira za chiyani.

Masana. Chabwino, buku ili ndi langa, palibe akuwerenga. Ndinanena katatu. Kamodzi pa mbale, kamodzi pokatenga nkhuni, kamodzi potsanzika. Ka pa mbale kaja ndinadikira a F. afike pamgolo wa madzi kudzasamba m'manja, ndipo ndinakweza mawu pang'ono. Tsiku la kusankha ndinapita ku holo nditavala chitenje chatsopano, foni nditaichaja yodzadza kuti ndijambule. Munthu wosayembekezera kanthu sachita zimenezo.

Ndinkafuna mwana wanga achoke pakhomo, akhale ndi kopita m'mawa, avale jezi yolembedwa dzina. Za mnyamata winayo sindinaganizepo ngakhale pang'ono, ndinkangoona kuti ndi wamtali, apeza kwina. Anapezadi kwina, n'kubwera kudzatithira 38.

Manyazi andigwira. Chakudya chamasana ndangochitembenuza m'mbale.

Lolemba, 10 Novembala

Ndawonjezera mzere wina kumapeto: Anapempha ndani.

Tsopano pepala likulankhula zina. Osankha okha a F. ndi 11. Mwa amenewo 8 anathandiza, 3 ayi, Walter ali momwemo. Opemphedwa ndi 9, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene ali ku A. Manijala woti pa anthu khumi ndi mmodzi walondola asanu ndi atatu, matimu ena angamunyamule pamapewa. Vuto lake ndi khonde.

Ndawaonetsa a Aubrey. Anawerenga atatsitsa wailesi, chinthu chimene sachita kawirikawiri.

"Anakutumani mizere iwiri, amake Mark. Perekani iwiriyo."

Ndati ndikapereka iwiriyo munthu achotsedwa ntchito pa zolakwa za ena.

"Ndiye a Bilal mukawawerengera dzina lawo kasanu pamaso pa komiti? Mipira amagula ndi iwo, basi yopita ku magemu ndi yawo."

Ndati ndikawerenga.

"Nanga apa pali mpatapa?" Analoza pambali pa dzina la Mark. Ndinapasiya popanda kanthu. Akuti ndilembe kuti "mnansi". Kenako akuti kapena "wina wa mumpingo", poti si bodza. A Aubrey ndi munthu wabwino, amafuna aliyense agone mwamtendere, makamaka iwo.

Ndinayesa ndi pensulo, "wina wa mumpingo". Zikuoneka ngati zoona ukaziyang'ana uli patali.

Lachiwiri, 11 Novembala

Mvula yoyamba, mphindi khumi, yangokwiyitsa fumbi. Mpata uja ukadali pomwepo.

Lachitatu, 12 Novembala

Ndinaweruka msanga. Ndinapeza Mark kuseri akuchapa jezi yake, nambala 14. Loweruka lija sanalowe m'bwalo ngakhale mphindi imodzi, koma amaichapabe pakatha gemu iliyonse, n'kuiyanika motembenuza kuti dzuwa lisafufute dzina.

Ndinakhala pa ndowa yovundikira. Ndinazungulira kaye, za pulakatisi, za bondo la mnzake. Kenako ndinangofunsa.

"Mark, umadziwa mmene unalowera mu timu?"

"Eya." Sanasiye n'kuchapa komwe.

"Umadziwa chani?"

"Za kumaliro zija. Aliyense amadziwa, amayi. Anyamata amanditchula kuti Mvano. Kuyambira tsiku loyamba."

Zaka zinayi ndakhala ndikumva anyamata akukuwa Mvano, Mvano pabwalo paja. Ndinkayesa akundipatsa moni ine. Ndinkawabayibitsa kuchokera pa tebulo.

"Bwanji sunandiuze?"

"Mumasangalala. Ndikavula thirakisuti kuti ndilowe mumasiya kulemba, mumandiyang'ana."

"Nanga bwanji sunasiye?"

Anafinya jezi, n'kuikung'untha. "Ndimafuna ndidzathe kusewera kuti dzinalo lichoke. Ndikuyesabe. Tsiku lililonse ndimaponya handiredi kuseri kuno, simumva?"

Ndimamva. Ndimadandaula kuti akundigwetsera pulasitala wa khoma.

Ndinamuuza za pepala, za komiti, za mzere wa anapempha ndani. Ndinati ndikalemba zoona dzina lake limveka pamaso pa anthu, langa lili pambali. Anayanika jezi ija motembenuza.

"Lembani. Madala aja ndi okhawo amene sananditchulepo dzina limenelo. Chilungamo akatithira amabwera kudzawagwira chanza ndi manja awiri. Ine ndimayang'ana kumbali."

Ndinalowa m'nyumba n'kukalira kubafa, mpopi nditautsegula. Mwana wanga wasenza katundu wanga zaka zinayi, ine ndikubayibitsa.

Lachinayi, 13 Novembala

Ndafufuta mzere wa T. Pepala lachita kubooka pamenepo. A 8, S 12.

Pa mpata paja ndalemba J. Maluwa, ndi bolopeni. Ndataipa zonse ku ofesi nthawi ya lanchi, makope asanu ndi awiri. Mnzanga wa pa desiki yapafupi anasuzumira n'kufunsa ngati ndi mndandanda wa ukwati. Ndati ayi, wa maliro.

Ku Mvano sindinapite.

Lachisanu, 14 Novembala

A Aubrey asita bulauzi yanga okha. Apsereza pang'ono pakolala.

Loweruka, 15 Novembala

Msonkhano unali mu ofesi ya kuyadi kwa a Bilal, 10 koloko. Anthu asanu ndi awiri kuzungulira tebulo, fungo la dizilo. A F. anakhala kumapeto atamanga tayi. Patsogolo pawo anaika jumbo yaing'ono. Mkati munali makiyi a kachipinda kosungira mipira, wezulo ndi pampu. Anabwera atalongedza kale.

Ndinawerenga mayina onse 20 nditaimirira. Asanu ndi atatu, khumi ndi awiri. Dzina la Mark ndinaliwerenga ku S ndi mawu omwe ndinawerengera la Walter. Wapampando anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. A Bilal anatseka kabuku kawo, n'kunena kuti zikomo mayi, nkhani yaoneka yokha.

Ndinati sindinamalize.

Ndinagawa makope. Ndinayamba mzere womaliza uja kuchokera pamwamba. 2017, amalume ake a mnyamata. 2018, a Bilal. Ndikutchula a Bilal kachitatu ndege inadutsa padenga, wapampando akuti sanamve, ndinabwereza. Kachinayi. Kachisanu. Kunja makaniko anali akumenya chitsulo. Limodzi ndinalisungira kumapeto: 2022, dzina loyamba, Mark Maluwa m'malo mwa Chilungamo, anapempha ndi Jenny Maluwa, mlembi wa timu, pamaliro a mayi awo a manijala. Ndinakhala pansi.

A Bilal anatembenukira kwa a F. "Madala, zoona zimenezi?"

"Siginecha ndi yanga, bwana."

"Sindinafunse za siginecha."

A F. anayang'ana jumbo yawo.

A Bilal anawerenganso pepala, chala chikuima pa dzina lawo paliponse. Kenako anafunsa, osayang'ana munthu, "Ana a achemwali anga aja satha ndithu?"

Msungichuma, munthu amene sindinamumvepo akutsutsa kanthu chilowereni mu komiti, anati, "Satha, bwana. Wamng'ono uja amadziwa kuvala."

Wina anatsokomola. A Bilal sanaseke, koma sanakalipenso. Anati iwo ankangotchula mayina pawindo la galimoto, sankadziwa kuti munthu akuwatenga ngati lamulo. Ndinafuna kunena kuti nanenso ndinkatero mpaka Lamulungu lapitali, koma ndinali nditalankhula zokwanira.

Chigamulo: a F. akhala. Januwale akubwerayu asankhe onse awiri okha. Timu yomwe ilipoyi aikonzenso mmene akufunira, wochoka achoke, popanda wina kulowererapo. Aliyense wofika pakhonde ku Lirangwe, ndi nkhuku kapena ndi pemphero, azimuuza abwere kuyadi kuno adzakhale pakati pa malole.

Potuluka a Bilal anandiuza, "Mayi, ndinati mizere iwiri." Anakwera galimoto, ngakhale amadutsa pakhomo pathu penipeni sanandifunse za lifiti. Ndinayenda wapansi, dzuwa lili pamutu, ndikusangalala ngati mwana. A F. ndinawaona akubweza makiyi m'thumba la jekete.

Lamulungu, 16 Novembala

Ndaimba nyimbo zonse, mavesi onse. A Aubrey akuti ndimakweza kwambiri.

Lolemba, 17 Novembala

A F. anafika ku ofesi kwathu cha m'ma 10, kuchokera ku Lirangwe, chipewa chili m'manja. Anaima pakauntala ngati kasitomala mpaka ndinawaona. Anathokoza mwachidule, akuti a Agnes apereka moni ndi nandolo, anandipatsira kajumbo.

Kenako anatulutsa kapepala kopinda kanayi. Akuti ayamba kukonza timu monga anauzidwa, ndiye pakufunika makalata anayi otsanzika osewera, ndipo makalata a timu amalemba ndi mlembi. Mayina atatu apansi ndi a mbali ya a Bilal. Lapamwamba ndi Mark.

"Ndabwera ndekha, mayi, kuti musamve kwa wina. Mwanayo ndi wabwino. Koma malo ndi khumi ndi awiri."

Anaima akundiyang'ana, akudikira. Ndinaona kuti ndikangonena mawu amodzi, ngakhale oti amafika woyamba ku pulakatisi, bamboyu atenga bolopeni n'kukhwatcha dzinalo pomwepo. Mawuwo anali pakamwa penipeni. Ndinawafunsa deti loti ndilembe pamwamba.

Ndataipa onse anayi. Asaina ataimirira. Akuti ya Mark akhoza kukamupatsa okha mawa pabwalo. Ndati ayi, asakaitsegulire pamaso pa anzake, ndinyamula ndine.

Ndafika pakhomo 5 itangokwana. Envelopu ili m'chikwama, pamwamba pa nandolo. Mark ali kuseri, akuponya mpira pa ring'i yake ya pakhoma, akuwerenga mokweza. Ndalowa kuchipinda kudzalemba izi, nsapato sindinavule. Wafika 61.

Ndidikira amalize handiredi yake.